Mpando wa Kutsogolo

"Ndanena kale ine kuti sindipita. Ukandifunsanso mawa, yankho lidzakhala lomweli."

Agya Kwarteng, kapena kuti bambo Kwarteng, ananena zimenezi akupala thabwa pansi pa mtengo wa mango, osacheuka n'komwe. Mkazi wake, Frimpomaa, anali ataima pakhomo la khitchini, munsi uli m'manja, chinangwa cha fufu chikuzizira mumtondo.

"Komatu bambo a Nyarkoa, sindikukupemphani ukwati wa magalimoto ndi zoimbaimba ayi. Abusa akuti Loweruka m'mawa, inu ndi ine ndi mboni ziwiri. Atipempherere, tisaine m'buku, basi. Masana mwabwerera ku matabwa anuwa."

"Ndisaine chiyani? Kodi ndinachita kukuba iwe? Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo ndinakagogoda kwanu kukafunsira ukwati dzuwa likuswa mtengo. Mabotolo awiri a mowa wa shinapu anawalandira ndi malume ako, a Amankwaa. Ali moyo mpaka lero, kawafunse. Ana anayi tabereka. Lero ndiye ndizimva kuti si ukwati?"

"Palibe wanena kuti si ukwati."

"Nanga akufuna kudalitsa chiyani? Anautemberera ndani?"

"Ndi lamulo la mpingo, bambo. Sindinalilembe ndine."

"Ndiye ukawauze olilembawo kuti Kwarteng sakwatira mkazi mmodzi kawiri."

Frimpomaa anabwerera kumtondo kuja. Anasinja fufu uja ndi mkwiyo moti nkhuku zimene zinkatola nyenyeswa pafupi zinabalalika.

Nkhani yake inali yotere. Lamulungu lapitalo mpingo wa ku Abenaso unasankha akulu ampingo asanu ndi awiri, ndipo Frimpomaa anapeza mavoti ambiri kuposa amuna onse amene anaima naye. Chiyambire tchalitchi chimenecho, mkazi anali asanakhalepo pa mipando ya kutsogolo ija. Amayi anavina mpaka kunsewu, akukupiza timipango toyera. Koma lamulo la mpingowo linkati munthu wapabanja sangapatulidwe kukhala mkulu ngati ukwati wake sunadalitsidwe m'tchalitchi, ndipo tsiku lowapatula linali litatsala masabata atatu.

Amuna awiri mwa osankhidwawo, a Gyasi ndi a Boadu, analinso ndi maukwati amwambo okhaokha. Koma iwo kunali kuvuta ngati? Anangouza akazi awo kuti sambani, valani, tikupita. Pofika Lachiwiri anali atasaina kale. Mkazi wa a Gyasi anachita kufika kwa abusa manja akununkha nsomba zowamba.

Lachitatu, atatseka malo ake kumsika, Frimpomaa anapita ku ofesi ya Abusa Darkwa. Abusawa anali achinyamata, ochokera ku Kumasi, munthu wa mtima wabwino koma woopa buku la malamulo kuposa njoka.

"Abusa, tandiwerengereninso lamulolo pang'onopang'ono. Mwina makutu angawa anamva zina."

Abusa anawerenga, chala chikuyenda pamzere.

"Nanga wamasiye?" anafunsa Frimpomaa.

"Wamasiye amaloledwa."

"Wosakwatiwa?"

"Amaloledwanso."

"Amene banja lake linatha?"

Abusa anatembenuza tsamba. "Ngati linatha mwamwambo, pamaso pa mabanja onse awiri, amaloledwa."

"Ohoo. Ndiye kuti bambo a Nyarkoa akanafa chaka chatha, ine ndikanayenera?"

"Maame! Amayi inu, musamalankhule choncho."

"Ndikungofunsa, abusa. Denga la tchalitchi chino litasasuka, amayi tinasenza mchenga miyezi inayi, palibe anandifunsa za ukwati. Pa maliro alionse, amene amasambitsa mtembo ndine. Odwala amawayendera ndani? Zonsezo ukwati wanga unali wabwinobwino. Lero poti ndi mpando, wasanduka wosadalitsika?"

"Ndikukumvetsani, Maame. Ine ndemwe ndinakondwa mutasankhidwa. Koma lamulo limasinthidwa ku msonkhano waukulu, ndipo umenewo ndi wa chaka chamawa. Tsiku likakwana musanasaine, mpando upita kwa amene anakutsatirani pa mavoti. Ndisiyeni ndikalankhule nawo bambowo."

Anapitadi mawa lake. Kwarteng anawalandira bwino, anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kuwafunsa chimene abwerera monga mwa mwambo. Anamvetsera zonse akugwedeza mutu, kenaka anawakana mwaulemu kwambiri, n'kuwaperekeza mpaka kunsewu, atawanyamulitsa phava la nthochi.

Chifukwa chenicheni chinatuluka Lamulungu lotsatira, akuchokera kutchalitchi. Frimpomaa anali asanavule n'komwe duku.

"Bambo a Nyarkoa, tandiuzani zoona. Mukuopa chiyani? Kodi muli ndi mkazi wina kwinakwake, ndiye mukuopa kuti bukulo likumangani?"

"Ndilibe mkazi wina ine, ndipo iwe ukudziwa."

"Nanga n'chiyani?"

Kwarteng anakhala pa benchi, n'kuvula nsapato imodzi. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mipando isanu ndi iwiri ija ndinaikhoma ndine ndi manja angawa. Matabwa ake ndinachita kukasankha ndekha. Ndiye ine ndizikhala pa benchi pansi apo, mkazi wanga ali pamwamba akundiyang'ana? Ndikachedwa kulowa azindiwerengera mapazi? Ndikayambana ndi munthu, mlandu wanga uzikaweruzidwa ndi munthu amene amandichapira kabudula? Anzanga kumatabwa ayamba kale kunditchula kuti amayi busa. Amayi busa, ine Kwarteng!"

"Ndiye ukwati wathu ukuyendetsedwa ndi anzanu a kumatabwa?"

"Usandiyankhe choncho."

"Ayi, ndiyankha. Kumsika ndakhala mfumukazi ya ogulitsa tomato zaka khumi. Madalaivala a malole, amuna a ndevu zawo, amaima pamaso panga kuti ndiwaweruze, ndipo inu mumanyadira. Kunyumba ya mfumu, amene amaloza munthu woti akhale pampando ndi mayi. Inuyo ndinakuonani ndi maso angawa mukutsitsa nsalu paphewa, mukuvula nkhwaira pamaso pa mfumukazi."

"Ameneyo si mkazi wanga."

"Ndiye vuto ndi kukhala mkazi wanu?"

"Vuto ndi loti sumva. Tomato ndi tomato, tchalitchi ndi tchalitchi. Ukauze abusa kuti wasintha maganizo. Ukanene kuti ntchito yakuchulukira. Palibe angakuseke."

"Anthu mazana awiri ndi khumi ndi anayi anaima padzuwa kundisankha."

"Ndiye akukwatire iwowo! Tamvera, Frimpomaa. Nyumba ino kapena mpando uja. Ziwiri zonse ayi. Usankhe."

Ananena mawu amenewa ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wamaliza nkhani. Anavula nsapato inayo, n'kufunsa ngati chakudya chapsa.

Frimpomaa anamupakulira. Mtima unkamupweteka kwabasi, chifukwa munthuyu ankamukonda. Kwarteng sanali chidakwa, sanamuikepo dzanja ngakhale tsiku limodzi. Pamene Frimpomaa anadwala mimba ya mwana wachitatu, Kwarteng anamubereka kumsana kuchokera kumunda wa koko mpaka pa nsewu waukulu. Tebulo lake la kumsika analikhoma ndi iyeyo. Munthu woteroyo lero ankakana kuyenda mapazi mazana atatu kupita kutchalitchi kumene amapitako kale Lamulungu lililonse. Frimpomaa anayesa kudziuza kuti mpando ndi thabwa chabe, koma mtima unakana. Masiku atatu anagulitsa tomato ngati munthu wogona, mpaka amayi anzake anamufunsa ngati akudwala.

Lachinayi anakwera trotro, minibasi ya kumeneko, kupita kwa malume ake. Wofa Amankwaa, mkulu wa banja lawo, anawapeza akuyanika koko pamphasa, akumutembenuza ndi manja.

"Wofa, ndabwera kuti mukabweze mabotolo aja, banja lithe."

Mkuluyo anasiya koko, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wakumenya?"

"Ayi."

"Akukumana chakudya? Nsalu?"

"Ayi, Wofa."

"Wapeza mkazi wina?"

"Sindinamvepo."

"Ndiye ndikafike kwa eni ake ndi mabotolo m'manja, ndikanene kuti chiyani? Kuti mphwanga akufuna mpando? Iwe, anthu adzandiseka mpaka kumanda. Akazi anzako amabwera pano mano ataguluka, ine n'kuwabweza kuti kapirireni. Iwe wabwera wonenepa bwinobwino."

"Wofa, amene wandiuza kuti ndisankhe ndi iyeyo. Ine ndinkafuna zonse ziwiri. Ndamupempha mogwada, abusa amupempha. Ndikabwerera m'mbuyo lero, ku Abenaso mkazi sadzaimanso pa chisankho mpaka ine kufa. Azidzati, munaona Frimpomaa, pakamwa ponse paja, mwamuna wake anangotsokomola iye n'kukhala pansi. Komanso Wofa, ndikhala bwanji m'nyumba imene ndikudziwa kuti mwini wake amandikonda pokhapokha ndili pansi?"

"Mwana wa mlongo wanga, uli ndi zaka makumi asanu. Mpando sufunda nawe kukazizira."

"Ndikudziwa."

"Mpando sukakuthira mankhwala kumsana."

"Ndikudziwa, Wofa. Ndalira kale zimenezo."

Mkuluyo anapukusa mutu. Anati ayambe wakaonana yekha ndi mkamwini wakeyo, amuna okhaokha. Anapita Loweruka, anakhalako kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pobwera anadutsira kumsika. Anaima patebulo la tomato, thukuta lili kamukamu.

"Mutu wa mwamuna wako ndi wouma kuposa matabwa akewo. Akuti ukungomuopseza. Akuti ngati mabotolo ndili nawo, ndibwere nawo, awamwa."

Madzulo ake Nyarkoa, mwana wawo woyamba amene anali namwino ku Kumasi, anaimba foni akulira.

"Amayi, pa msinkhu wanuwu? Tiziti makolo athu anasiyana chifukwa cha chiyani? Apongozi anga ndiwauza chiyani ine?"

"Uwauze zoona. Waimbira bambo ako?"

"Ndawaimbira. Akuti ndikuuzeni inuyo musiye."

"Iwe wawauza kuti chiyani?"

Nyarkoa anangopitiriza kulira.

"Nonse mukubwera kwa ine," anatero Frimpomaa. "Palibe ndi mmodzi yemwe akupita kwa iwo kukati, bambo, valani nsalu mukasaine. Gona bwino, mwanawe."

Mabanja awiri aja anakumana Lachinayi la sabata lomaliza, m'bwalo la nyumba ya makolo a Frimpomaa. Abale a Kwarteng anakhala mbali iyi, a Frimpomaa mbali inayo, patebulo pakati pali mabotolo awiri a shinapu ndi kambale ka dothi loyera. Akuluakulu anayesa kuyanjanitsa monga amachitira nthawi zonse. Analankhula za ana, za ukalamba, za manyazi. Kenaka mkulu wa kwa Kwarteng anafunsa mwana wawoyo kuti, kodi sungangopita kukasaina, nkhani ithe?

Kwarteng anayang'ana amuna anzake amene anadzaza bwalolo. Akanakhala awiriwiri m'chipinda, mwina akanalankhula zina. Koma apa panali anthu.

"Ndinanena kale," anatero.

Akuluakulu aja anamufunsa Frimpomaa ngati sangausiye mpandowo.

"Sindiusiya, makolo anga."

Wofa Amankwaa anaimirira, ananyamula mabotolo aja n'kuwaika pamapazi pa mkulu wa kuchimuna. Anamupatsa Kwarteng kambale kaja kuti amupake mkaziyo dothi loyera paphewa, chizindikiro choti wamumasula. Frimpomaa anatsitsa nsalu paphewa la kumanja. Kwarteng anafika pafupi, n'kunong'ona kuti ena asamve.

"Frimpomaa, zoona? Tiye kunyumba."

"Tidzere kwa abusa?"

Kwarteng anamupaka dothi lija. Analipaka mofulumira, n'kupukutira zala pansalu yake, n'kutuluka m'bwalomo osatsanzika aliyense.

Tsiku lomwelo Frimpomaa anatuta mapoto ake, nsalu zake ndi mtondo, n'kulowa m'kachipinda ka malemu mayi ake m'nyumba ya makolo. Lachisanu Wofa Amankwaa ndi mkulu wa kuchimuna uja anapita kwa abusa kukachitira umboni kuti banja latha mwamwambo. Abusa Darkwa anatsegula buku lawo lija, anawerenga kawiri, n'kuvula magalasi.

"Ndiye kuti palibenso choletsa," anatero ndi mawu otsika. Tsiku limenelo sanadye nkhomaliro.

Lamulungu anawapatula onse asanu ndi awiri. Amayi anabwera atavala zoyera, tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Abusa atamusanjika manja, Frimpomaa anakwera masitepe awiri aja n'kukhala pampando wachitatu, pakati pa a Gyasi ndi a Boadu. Kuchokera pamenepo munthu amaona aliyense. Anaona amene ankamwetulira, anaona amene ankanong'onezana, ndipo anaonanso kuti pa benchi yachinayi, kumbali ya amuna, pamalo pa Kwarteng panakhala munthu wina. Anakondwa, inde, koma chimwemwe chake chinali chowawa, ndipo atafika kuchipinda kwake anatseka chitseko n'kulira.

Ntchito anaigwira. Pamsonkhano woyamba wa akulu ampingo analembetsa kuti lamulo lija likakambidwe ku msonkhano waukulu. A Gyasi anati nkhaniyo si yachangu. Frimpomaa anati kwa iwo si yachangudi, koma ilembedwe. Inalembedwa.

M'tauni anthu analankhula mpaka kutopa. Ena ankati ndi mkazi wolimba mtima, ena ankati anagulitsa banja ndi thabwa. Amayi ena amene anamuvinira aja ndi omwe anayamba kukokera ana awo aakazi kutali naye, kuopa kuti angatengere. Patapita mwezi, kumsika kunamveka kuti alongo ake a Kwarteng amupezera mkazi ku Nkwanta, mudzi woyandikana nawo, telala wina dzina lake Dufie, ndipo akagogoda kale. Frimpomaa anangoti, munthu adye, achapiridwe, si mlandu. Anapitiriza kusanja tomato wake.

Akulu ampingo ankasinthana mwezi ndi mwezi kuwerenga zolengeza, ndipo mwezi wotsatirawo unali wa Frimpomaa. Lamulungu loyamba anachedwa pang'ono chifukwa anadzera kwa wodwala, moti mlembi anamupatsira mapepala m'manja mapemphero atayamba kale. Atakhala pansi anaona kuti Kwarteng wabwera, koyamba kuchokera pamene banja lawo linatha, ali pa benchi yake yachinayi, atavala nsalu yatsopano.

Nthawi itakwana anaimirira pagome. Anawerenga za maliro a ku Nkwanta. Anawerenga za msonkhano wa achinyamata. Anatembenuza pepala lachitatu, n'kuyamba monga amayambira.

"Tikulengeza koyamba ukwati woyera pakati pa..."

Anaima. Maso anali atafika kale pa mainawo.

Abale a Dufie anali atanena kuti mwana wawo sapita kwa mwamuna popanda tchalitchi, ndipo Kwarteng anavomera tsiku lomwelo, osapempha ngakhale usiku umodzi woganizira. Abale inu, tchalitchi sankachiopa munthu uja, buku sankaliopa. Dufie kutchalitchi kwawo ankakhala pa benchi ya kumbuyo, ndipo kwa Kwarteng zimenezo ndiye zinali zokwanira.

Abusa Darkwa anali atadzuka kale theka, dzanja litatambasuka kuti alandire pepalalo. Frimpomaa sanawayang'ane. Zinamupweteka kuposa tsiku la dothi loyera lija. Anayambiranso kuwerenga.

"Tikulengeza koyamba ukwati woyera pakati pa bambo Yaw Kwarteng a mpingo uno, ndi mayi Akosua Dufie a mpingo wa ku Nkwanta. Ngati alipo amene akudziwa chifukwa choletsa ukwati umenewu, anene."

Mitu yonse inatembenukira kwa Frimpomaa. Kwarteng yekha ndiye ankayang'ana pansi, pakati pa mapazi ake. Mayi wina kumbuyo anati, "Yesu wanga!" mwana n'kuyamba kulira. Frimpomaa anadikira nthawi yonse imene amadikira, osaifupikitsa.

"Palibe," anatero. "Chomaliza. Loweruka tonse tikalambule kumanda. Amuna mubwere ndi zikwanje, ndipo chonde, ulendo uno mubweredi."

Anapinda mapepala n'kubwerera pampando pake. Kwaya itayamba kuimba, abusa anawerama n'kumunong'oneza, nkhope ili yamanyazi.

"Maame, mundikhululukire, ndimafuna ndikuuzeni m'mawa koma munachedwa. Masabata awiri otsalawa awerenge a Gyasi."

Frimpomaa anatsegula buku la nyimbo, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya duku.

"Mwezi uno ndi wanga, abusa. Ndiwerenga katatu konse."